Okhotetsa Makolala ndi Alamu Anga

Aphungu,

Ndithandizeni msanga, chifukwa sabata ino ikamatha munthu wina achotsedwa ntchito, ndipo woti atchule dzina la munthuyo ndine.

Ndine mayi wa ana atatu. Ndimagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono yosoka mayunifomu a sukulu ndi a m'maofesi. Chipinda chathu chosokera ndi chachitali. Makina ali m'mizere iwiri, kumapeto kwake kuli tebulo lalikulu lodulirapo nsalu, ndipo pakona pali positira ndi poikira mabatani. Zenera lalikulu ndi limodzi lokha, kwinako timadalira magetsi a kudenga.

Amene anandilowetsa pamenepa ndi alamu anga, achemwali awo a amuna anga. Anandipeza ndisakudziwa ngakhale kulowetsa ulusi pa singano. Anandikhazika pambali pawo, nkumandimenya chala ndi tepi yoyezera msoko ukakhota, mpaka ndinakhala telala weniweni. Pantchito aliyense amawatchula kuti Mayi a Makolala. Mwina simudziwa, Aphungu, koma pa malaya chinthu chovuta kwambiri ndi kolala. Ikangopendekeka pang'ono, mwana amaoneka ngati wagona ndi khosi limodzi. Iwowa kolala yawo imachita kukhala ngati yabadwira pa malayapo.

Kapitawo wathu wakale atapuma pa ntchito, tonse tinkadziwa kuti mpando ukupita kwa Mayi a Makolala. Koma abwana, eni kampaniyi, anasankha ine. Anati ndimatha kulankhula ndi makasitomala komanso sindisokoneza miyezo. Tsiku limene analengeza, woyamba kuwomba m'manja anali alamu anga omwewo. Koma kuyambira pamenepo anasiya kundiitana kuti mlamu. Amati "abwana", ndipo "abwana" wakeyo amachita kumukoka ngati lasitiki.

Palibe anandiphunzitsa ukapitawo. Anangondipatsa makiyi a kabati ya ulusi ndi mpando wokhala ndi chotsamira. Kale masana tinkadyera limodzi pa benchi ya kuseri, miseche ili gwaa. Tsopano ndikangofika nkhani imaduka, wina nkuyamba kunena za mvula. Zinkandipweteka, ndiye ndinaganiza zowaonetsa kuti sindinasinthe. Wochedwa ndinkangomusekerera. Wopempha kuweruka msanga ndinkamulola. Ntchito ikatsala ndinkakhala pa makina nkuimaliza ndekha. Ndinkati ndikutsogolera ndi chitsanzo, koma chitsanzocho palibe ankachitsata.

Kenako sukulu ina yaikulu inatipatsa oda ya malaya, yoti ituluke ana asanatsegulire. Apa ndi pamene ndinayamba kupeza makolala okhota. Poyamba ndinkati ndi singano yopindika, ndinasintha. Kenako ndinati ndi nsalu yoterera. Koma nditayamba kuwayang'anitsitsa alamu, ndinaona zimene sindinkafuna kuona. Anali atakokera makina awo pafupi ndi zenera, ati kumeneko kukupita kamphepo. Ulusi ukaduka ankauza wa pambali pawo kuti, "Tandilowetsere, iwe ndiye wamaso a mphaka," ngati nthabwala. Msoko ankaupapasa ndi chala, ndipo nsalu ankaibweretsa pafupi ndi mphuno ngati akuinunkhiza. Aphungu, alamu anga maso akuwavuta, ndipo akubisa.

Ndikanayamba bwanji kuwauza? Munthu anandiphunzitsa, wamkulu kwa amuna anga, amenenso ndinamudumpha pa mpando. Ndinangokhala chete nkumatenga malaya awo mwakabisira. Anthu akapita kokadya, kapena akaweruka, ndinkaphwasula makolala aja nkuwasokanso. Ntchito yanga yeniyeni, yogawa ntchito ndi kuyendera malaya asanapakidwe, inayamba kutsalira. Tsiku lina galimoto ya sukulu ija inabwera ndili wotanganidwa, ndipo mtolo wina unatuluka ndisanauyang'ane.

Lolemba lapitali mtolo uja unabwerera. Abwana analowa nawo okha m'chipinda chosokera nkuukhuthulira pa tebulo lodulira. Makina onse anaima. Ananyamula malaya amodzi m'mwamba, kolala ili mbali ina kumwamba mbali ina pansi.

Anati, "Zaka zonsezi Mayi a Makolala sanakhotetsepo kolala. Zikatere ndiye kuti yakhotera pa tebulo pano."

Anatembenukira wodula nsalu wathu, bambo amene timamutchula kuti Sizasi. Ndi munthu wanthabwala, woti chipinda chonse chimaseka chifukwa cha iye. Tsiku limenelo sanaseke. Anangondiyang'ana ine, kudikira. Ine ndinayang'ana pansi.

Atandiitanira ku ofesi, abwana anati, "Sukulu iyi ikatithawa, theka la makina m'chipindamo lizima. Pofika Lachisanu mundiuze amene walakwitsa. Mukapanda kundiuza, wodulayo apita, ndipo za mpando wanu ndiganizanso."

Masana a tsiku lomwelo Sizasi anandipeza pa kabati ya ulusi, atanyamula zidutswa za makolala zimene anadula zisanasokedwe. Anaziyala pa patani, pepala limene amatsata podula, pamaso panga. Zinakwana bwinobwino, monga ndinkadziwira kale.

Anati, "Akapitawo, ine kwa abwana sindikanena kanthu. Ndikatchula Mayi a Makolala, ati ndikudzipulumutsa ndi mayi wamasiye. Wamkulu m'chipinda muno ndinu. Koma mudziwe kuti nanenso kwathu kuli ana."

Kuyambira pamenepo sanaponyenso nthabwala ngakhale imodzi. M'chipindamo mumangomveka makina basi, ndipo ndikadutsa pakati pa mizere ndimamva maso kumsana.

Lachiwiri ndinadzuka nditatsimikiza kuti ndilankhula ndi alamu mwaulemu, patokha. Koma m'mawa wonse ndinkangozengereza. Chakumasana ndinatola malaya pa mulu wawo, kolala yokhota ngati poyamba, pa nsalu yomaliza imene tinali nayo ya mtundu umenewo. Mtima unandikwera. Ndinalankhula mokweza, anthu onse akumva, kuti, "Alamu, kodi simukuona?"

Mawu atangotuluka ndinadziwa chimene ndanena. Iwo anachotsa phazi pa makina pang'onopang'ono.

Anati, "Ndikuona, abwana. Ndikumuona bwino lomwe munthu amene ndinamuphunzitsa kugwira nsalu."

Anavundikira makina awo, anatenga chikwama nkutuluka. M'mawa mwake anabwera pa nthawi yake, koma moni wanga sanayankhe.

Kunyumba nkhani inali itafika kale. Amuna anga makolo awo anamwalira iwo ali aang'ono, ndipo anawalera ndi achemwali awowa. Pano mayiwa amuna awo anatisiya, akulera okha adzukulu awiri, ndipo chimene amadalira ndi makina amenewa. Ndinawafotokozera amuna anga zonse, za maso zomwe. Iwo anati, "Munthu amene anandisambitsa ine, iwe ukamuchotsetse ntchito? Pakhomo pawo udzapondapo ndi nkhope yanji? Wodulayo ndi mwamuna, akapeza kwina. Palibe akukuuza kuti uname. Ungokhala chete, abwana aganize okha." Kuyambira tsiku limenelo tikulankhulana za ana zokha.

Aphungu, ndikatchula alamu, banja langa ligwedezeka ndipo adzukulu awiri aja avutika. Ndikakhala chete, bambo wosalakwa apita chifukwa cha ine. Ndaganizaponso zongobweza makiyi, ndibwerere pa makina anga, achite kusankha ena. Mwina ukapitawo si wa anthu ngati ine. Ndichite chiyani?

Ndine wothedwa nzeru,
E.N.K., kapitawo wa m'chipinda chosokera

Mayi E.N.K.,

Ndiyambe ndi mawu a bambo a kunyumba, chifukwa ndi amene akukukokani kwambiri. Akuti palibe akukuuzani kuti muname. Koma abwana anu akukhulupirira chinthu chabodza, inu mukudziwa kuti ndi chabodza, ndipo akufunsani mwachindunji. Kukhala chete pamenepo ndi kunama komwe, kungoti kwa pakamwa potseka. Sizasi sachoka ntchito chifukwa cha kolala imene sanasoke. Mfundo imeneyi isakhalenso yokambirana.

Zobweza makiyi nazonso ziiwaleni. Mukatula pansi udindo sabata ino, Sizasi apitabe, maso a alamu anu avutabe, inu mudzangokhala mwasamba m'manja. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Tsono mwadzitsekera pakona nokha poganiza kuti njira zilipo ziwiri, kupereka alamu kapena kupereka wodula. Abwana anu akufuna dzina chifukwa palibe wawapatsa china. Chimene chikuwasowetsa tulo ndi sukulu ija. Kapitawo akabwera ndi choonadi pamodzi ndi njira yopulumutsira oda, nkhani imachoka pa "ndani" nkupita pa "titani". Ntchito yanu masiku atsalawa ndi imeneyo.

Yambani ndi alamu anu, lero lomwe mukaweruka. Pitani kwawo, monga mlamu, musawaitanire ku ofesi. Bongololo sadzolera mafuta pagulu, ndipo inu munawadzoza pagulu. Pepesani chifukwa cha mawu aja, kupepesa kopanda "koma". Akamaliza kukukalipirani, ndipo adzakukalipirani, auzeni zimene mwaona: zenera, ulusi, kupapasa msoko. Auzeninso kuti mwakhala mukuphwasula ntchito yawo mwakabisira. Ziwapweteka, koma ndi bwino azimve kwa inu. Ndikukhulupirira kuti mayiwa akudziwa kale kuti maso akuwathawa, ndipo ali ndi mantha aakulu kuposa anu. Munthu amene dzina lake lonse ndi luso la manja ake savomera msanga kuti lusolo likuterereka.

Kenako nenani mosapsatira kuti mukawauza abwana zoona Lachisanu lisanafike. Musapemphe chilolezo chawo. Chimene mungawapatse ndi mwayi wosankha kuti apite nanu limodzi akanene okha, kapena mukanene inu. Akakanena okha, ulemu wawo utsala m'manja mwawo. Akakana, pitanibe.

Maso amenewo akaonedwe kuchipatala msanga. Ine si dokotala, inunso si dokotala, ndiye tisawaweruze kuti atha. Mavuto ambiri a maso obwera ndi ukulu amachepa ndi magalasi kapena chithandizo china, makamaka munthu akapita asanachedwe. Apa ndi pamene bambo a kunyumba angathandize achemwali awo zenizeni. Auzeni kuti ngati akufuna kubweza ulemu kwa amene anawasambitsa, awaperekeze kuchipatala. Kuwabisa ndi kuwasiya achite khungu pa makina.

Sizasi naye musamusiye m'malere. Mawa m'mawa mutengereni pambali mumuuze kuti mukudziwa kuti sanalakwe, kuti munalakwa pokhala chete tsiku lija, ndipo mukakonza kwa abwana. Mawu ochepa okha. Bamboyu wakusungirani ulemu waukulu posakudumphani.

Kwa abwana musadikire kuitanidwa. Pemphani nthawi nokha, mutenge zidutswa zija ndi patani, aone ndi maso awo kuti tebulo lodulira lilibe mlandu. Musanatchule alamu, tchulani mbali yanu: munaona vuto nkulibisa, ndipo mtolo unatuluka musanauyendere. Zimenezi sizikuchepetsani. Bwana wanzeru amakhulupirira kapitawo wobweretsa nkhani yoipa yekha kuposa wobisa mpaka kasitomala akwiye. Mukatero yalani njira yanu. Makolala a malaya obwezedwa agawidwe kwa atelala awiri a manja okhazikika. Mayi a Makolala akhale pakati pawo kuwaphunzitsa, chifukwa zimene zili m'mutu ndi m'zala zawo sizinachite khungu. Nthawi yodikira za kuchipatala asoke misoko yowongoka, pansi pa getsi lowala bwino. Kolala iliyonse iyenderedwe isanalumikizidwe ku malaya, isamadikire tsiku lopakira. Muwauzenso abwana tsiku limene mungamalize moona mtima, akauze sukuluyo, ndipo musafupikitse tsikulo pofuna kuwasangalatsa. Muwakumbutse kuti kampani imene makolala ake onse amadalira munthu mmodzi inali pangozi kale, maso asanayambe kuvuta.

M'chipinda chosokera nenani mawu awiri pamaso pa onse: kuti simunayenere kukalipira mayi aja pagulu, ndi kuti wodula nsalu alibe mlandu. Za maso musatchule. Imeneyo ndi nkhani ya eni ake.

Tsopano za ukapitawo wanu. Si zoona kuti si wa anthu ngati inu. Munaona vuto ena asanalione, ndipo mtima ukukupwetekani chifukwa cha munthu wosalakwa. Poyambira pamenepo ndi pabwino. Chakusokonezani ndi kufuna kukhala kapitawo ndi mnzawo wa pa benchi nthawi imodzi, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Nkhani ikaduka mukafika, si chidani. Anthu amafuna pokambira za akuluakulu awo, monga munkachitira inu. Apatseni moni, funsani za ana awo, mudye nawo nthawi zina, koma musagule chikondi chawo ndi kulekerera. Wofika pa nthawi yake amaona mukamasekerera wochedwa, ndipo amasunga mumtima. Akhazikeni pansi mugwirizane za nthawi yofikira ndi yoweruka, kenako lamulolo likhale limodzi kwa onse, alamu omwe.

Chokaninso pa makina. Atelala alipo kale m'mizere iwiri, koma woona chipinda chonse ndinu nokha. Pamene munawerama kuphwasula kolala, panalibe woyang'ana pakhomo, ndipo mtolo unadutsa. Ntchito ya munthu ikalakwika, ibwezeni kwa mwini wake tsiku lomwelo, patokha, mumufunse chavuta nchiyani. Funso limeneli mukanalifunsa pa kolala yoyamba, lero sitikanakhala pano.

Kwa mabwana amene mukuwerenga, nanunso tengapo kanthu. Kupatsa munthu makiyi ndi mpando si kumuphunzitsa utsogoleri. Ndipo kuloza chala wantchito pagulu musanafufuze kumatseka pakamwa pa onse amene akanakuuzani zoona.

Mayi, ndikuchenjezeni ndisanatseke. Musakawalonjeze alamu anu kuti ntchito yawo ili bwinobwino, chifukwa mawu omaliza si anu. Lonjezani zimene mungathe, kuti mukawayankhulira ndi mphamvu zanu zonse. Abwana akhoza kukana njira yanu, akhozanso kukutsitsani. Alamu akhoza kukhala nthawi yaitali osakuyankhani moni, ndipo kunyumba kukhoza kuzizira kaye. Zonsezi ndi zopweteka, koma zimapola. Koma mukakhala chete Lachisanu, Sizasi anyamula chikwama chake, abwana alemba wodula wina, ndipo mwezi wamawa makolala adzakhotabe. Tsiku limenelo alamu anu adzachoka opanda wowayankhulira, chifukwa mawu anu adzakhala atatha mphamvu kwa abwana ndi kwa aliyense m'chipindamo. Nyamukani, mupite kwa alamu anu dzuwa lisanalowe.

Aphungu